Mwala wa pa Manda a Nefize

A Raif Chaushev ankasema miyala ya pamanda m'mudzi mwathu mwa Studenak, kuno kumapiri a Rodopi. Ntchitoyo anaiphunzira kwa bambo awo, ndipo bambo awowo anaiphunzira kwa amalume awo. Sanali munthu wa nkhani zambiri. Ukawapatsa moni ankayamba akuyang'ana kaye pamphumi, ngati akuyeza kuti dzina lako lingakwane pa mizere ingati, kenako n'kuyankha. Ena zimenezi zinkawanyansa, koma poti wosema miyala m'chigwa chonsechi anali iwo okha, aliyense ankangopirira.

Mwala wa mwamuna ankausema ndi kanduwira pamwamba, wa mkazi ndi duwa. M'munsi mwake ankazokotamo dzina, dzina la bambo wa malemuyo, chaka chobadwa ndi chomwalira, ndi pempho loti wodutsa amuwerengere pemphero la Fatiha. Zoposa pamenepo ankakana. Mkulu wina wa bizinesi ya matabwa anafuna ndakatulo pa mwala wa apongozi ake. A Raif anamuuza kuti gogoyo ali moyo sankamvera ndakatulo, ndiye sakuona chifukwa choti ayambe tsopano.

Mu 1969 anakwatira Nefize, mwana wa m'busa wa nkhosa wa kumtunda, ndipo mudzi unapumako chifukwa pakhomopo panapezeka munthu woyankha moni nthawi yomweyo. Nefize ankalankhula mokwanira anthu awiri. Ankalima fodya ndi mbatatesi, ankasoka fodyayo pakhonde uku akukalipira mbuzi, ana a eni ndi mvula yomwe. Akaphika patatnik, chigumu chathu chija cha mbatatesi, anthu ankapeza zifukwa zodzafunsira mitengo ya miyala ngakhale kwawo kulibe wodwala.

Patatha zaka zitatu boma la chikomyunizimu linabwera ndi asilikali ndi mabuku a kaundula. Linatisonkhanitsa kusukulu n'kutiuza kuti ife ndife Abulgariya amene tinaiwala kuti ndife Abulgariya, ndipo chimene chinkatiiwalitsa ndi mayina achisilamuwa. Aliyense anatuluka m'kalasimo ndi dzina latsopano. A Raif anakhala Rumen. Nefize anakhala Nevena.

A Raif akaitanidwa kuti Rumen ankayankha, mochedwa monga mwa masiku onse. Nefize ayi. Kuchipatala nesi akaitana kuti Nevena, iye ankatembenuka pamodzi ndi anzake kufunafuna mayi wosamvayo, ndipo nthawi ikatha ankabwerera kwawo wopanda mankhwala. Mano awiri anazulira pakhomo chifukwa cha khalidwe limeneli. Tsiku lobala Sabri, mwana wawo yekhayo, mu 1974, mzamba wa boma anakuwa kuti, "Nevena, kankha!" Nefize anasiya kukankha, n'kugona phee kuyang'ana kudenga. Mzambayo anasuzumira kukhomo, anatsitsa mawu, anamuitana dzina lake lenileni, ndipo mwana anabadwa. Nefize anachita zimenezi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu osatopa, mpaka boma lija linagwa ndipo mayina athu anabwerera.

Tinkayesa kuti alendo otiuza zimene tinaiwala atha. Tinadzinamiza. Mu 1993 kunafika galimoto yoyera, mutakwera Aluya atatu otumidwa ndi bungwe lina la zachifundo, limene linkadyetsedwa ndi boma lina la kuchipululu kokumbidwa mafuta. Anali anthu aulemu, onunkhira bwino. Anaona mmene tinkaswalira ndi mmene tinkaikira maliro, anapukusa mitu, n'kutiuza kuti ndife Asilamu amene tinaiwala Chisilamu. Anamanga mzikiti watsopano kumtunda, wotenthetsa pansi nthawi yachisanu, ndipo anatenga anyamata asanu kukawaphunzitsa kwawo ulere. Sabri anali mmodzi mwa iwo. Nefize anasangalala kwambiri, ndipo anamulukira mapeya asanu ndi limodzi a masokosi aubweya oti akavale kuchipululuko.

Anabwerako patatha zaka zisanu ndi ziwiri ali ndi ndevu komanso buluku lolekeza pamwamba pa akakolo. Mayi ake anamukumbatira, analira, kenako anabwerera m'mbuyo n'kumuyang'ana kumiyendo.

"Anthu olemera chonchija, nsalu inawathera? Vula ndikulumikizire, mwana wanga, anthu angati sindikusamala."

Sabri anafotokoza kuti bulukulo lili bwino choncho. Anafotokozanso zina zambiri, chifukwa anabwera ndi mndandanda wa zinthu zathu zimene si Chisilamu, ndipo unali mndandanda wautali. Munali mevlid, nyimbo zathu zotamanda Mtumiki. Munali halva, chakudya chotsekemera chophikira malemu pa tsiku la makumi anayi. Munalinso miyala ya pamanda. Aluya anamupatsa mzikiti wa kumtunda uja kuti akhale shehe wake. Malipiro ankachokera kwa iwo, mabuku kwa iwo, ndipo mitu ya maulaliki a Lachisanu inkabwera pa fakisi Lachitatu.

Aturuki ataona zimenezi sanagone. Boma lawo linakonzetsa mzikiti wakale wa kumunsi n'kutumiza shehe wake, munthu wosamva chilankhulo chathu, amene kudzera mwa womasulira anatiuza kuti ndife Aturuki amene tinaiwala Chituruki. Mudzi wa anthu mazana asanu ndi limodzi unakhala ndi mizikiti iwiri, ndipo masipika ake ankaitana anthu mosiyana mphindi zinayi. Pa chikondwerero cha nsembe cha Kurban Bayram mbali zonse zinkagawa nyama. A Halil, amene ankayendetsa basi migodi isanatsekedwe, ankalandira konsekonse. Nthawi yachisanu ankaswali kumtunda chifukwa cha pansi potentha paja, nthawi yotentha kumunsi chifukwa cha mthunzi wa mtengo wa pabwalo.

"Ine chiphunzitso changa chili m'mawondomu," ankatero a Halil. "Mawondo akati kumtunda, ndine ndani ine kuti nditsutse? Kungoti anyamata a kumeneko amatangadza poswali mpaka kukuponda chala. Ukasuntha amakutsatira. Tsiku lina ndinakathera pakhoma."

A Raif ankaswali kumunsi chifukwa kunali pafupi ndi shedi yawo. Mikangano ya mashehe sankalowererapo. Ndi mwana wawo ankakhalitsana bwino, koma imeneyo inali ntchito ya Nefize. Sabri akabwera kudzadya, mayi ake ankamuuzira pakhomo kuti avule nsapato ndi maphunziro omwe, adzazitenga potuluka. Halva ya maliro ankaphikabe, ndipo Sabri ankadya atanena kaye kuti akuidya ngati chakudya wamba.

Manda akale atadzaza, bungwe la Aluya lija linagula munda woyandikana nawo, linautchinga ndi waya, n'kuupereka kwa mudzi. Tinathokoza ndithu, poti tinali titayamba kuika anthu pamwamba pa anzawo. Koma kumanda atsopanowo kunali lamulo: manda akhale athyathyathya, opanda chiliza, opanda dzina, kamwala wamba kumutu basi. Nefize atamva anaika supuni pansi n'kuloza mwamuna wake ndi chala.

"Inu a Raif, zimenezo ndi za eni ake. Ine dzina langali ndinalivutikira, mano awiri ndilibe. Mukadzandiika, mudzalilembe, ndipo mudzalilembe mozama."

A Raif anati amva. Ntchito yawo inachepa. Anayamba kusema masitepe ndi timiphika ta maluwa ta anthu a mahotela, ndipo sanadandaule kwa aliyense.

Nefize anamwalira mu Okutobala 2006, ndi nthenda ya mtima. Anagwa asanamalize kuuza a Halil kuti mbuzi yawo yadyanso kabichi wake. Sabri anatsogolera swala ya maliro bwinobwino, mawu osanjenjemera, ndipo anthu anayamikira. Anamuika kumanda atsopano, mzere wachiwiri, poti kwina kunalibe malo. A Raif anabwerera m'nyumba yopanda phokoso, ndipo zinawapweteka kuposa mmene ankayembekezera. Ankakhala pakhonde m'mawa wonse manja ali pamawondo. Chimene ankadikira chinali chimodzi chokha: kuti chaka chithe, dothi likhazikike, amuikire mwala wolembedwa dzina lake.

Chaka chitatha anakwera kuphiri kukasankha mwala wotuwa wopanda mng'alu. Nkhani inamveka, monga zimamvekera nkhani kwathu kuno. Tsiku lachitatu kushediko kunafika mkulu wina wa tayi wa mbali ya Aturuki, ali ndi womasulira. Anati abale a kutsidya amva za chisoni chawo, ndipo akufuna kupereka ulere mwala woyera wa nsangalabwi, wolembedwa ndi makina, wokhala ndi mwezi ndi nyenyezi pamwamba. Chimene ankapempha n'chakuti pa tsiku louimika padzakhale wojambula zithunzi, ndipo ngati mzikiti wa kumtunda ungadzaonekeko kumbuyo, zingakhale bwino kwambiri.

"Muwauze kuti zikomo," anatero a Raif kwa womasulirayo. "Malemuwa Chituruki ankachidziwa mawu atatu, ndipo onse anali otukwanira mbuzi. Komanso makina salemba mozama. Zaka makumi atatu, mvula yafufuta."

Anasema milungu iwiri, duwa pamwamba, m'munsi Nefize mwana wa Yusein. Lachiwiri lina m'mawa iwo ndi a Halil anaukweza pa ngolo ya bulu n'kukauimika kumutu kwa manda. M'munda wonse uja mwala woima unali wokhawo, ndipo unkaonekera kumsewu.

"Achimwene, mwaiputa nkhondo," anatero a Halil akupukuta thukuta. "Akakufunsani, ine simunandione. Chisanu chayandikira, ndikufuna pansi potentha paja."

Chimene a Raif sankadziwa n'chakuti sabata yomweyo kunafika fakisi ina, yosakhala ya ulaliki. Boma la kuchipululu lija linali litasintha nduna, ndipo nduna yatsopanoyo inkafuna kuona zipatso. Nthumwi zinali m'njira kudzayendera mizikiti yonse ya m'mapiri muno, kuti yobala ipitirire, inayo ailetse kuyamwa. Sabri anali ndi mkazi ndi ana atatu, ndipo ntchito ina yoti ankaidziwa panalibe. Anzake a msinkhu wake onse anali ku Spain kuthyola zipatso zenizeni m'minda ya eni. Pa pulogalamu ya nthumwizo panali mzikiti, sukulu ya Kurani, nkhomaliro, kenako manda, chifukwa manda a ku Studenak anali atatchuka m'malipoti ngati chitsanzo chabwino.

Lachinayi dzuwa litatuluka Sabri anatenga nyundo ya pakhomo pake n'kulowera kumanda. Anapeza bambo ake ali kale komweko, atakhalira thumba lawo la zida. A Halil anali atawatsina khutu.

"Ababa, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, a Shehe. Nyundoyo ndi ya misomali."

Sabri anaibisa kumbuyo, kenako anaona kuti kubisako n'chibwana, anaitulutsanso.

"Ababa, mundimvetse. Anthu aja akubwera Loweruka. Akapeza chiliza pano, ndiye cha mayi anga enieni, ine ndathera pomwepo. Ana aja adya chiyani? Komanso si ine ndikunena, ndi mabuku. Munthu akafa safuna mwala, amafuna mapemphero."

"Iyeyu anaufuna. Unalipo, unkadya nyemba."

"Chabwino, mwalawo sindiuswa. Ndingopala zolembazo ndi duwalo basi. Mwala wopanda dzina salimbana nawo."

A Raif anadzuka, anatsegula thumba, anatulutsa tchizulo ndi nyundo yawo yosemera, n'kumupatsa mwana wawo.

"Ngati ukupala, pala mwaluso. Ndi ya misomaliyo ung'alula mwala wonse, anthu aziti mwana wa Raif sadziwa ntchito. Gwira apa. Ayi, chala chachikulu pamwamba. Upendeketse, usaimike. Ndiye uyambire kumapeto kwa dzina, uzibwerera chakumayambiriro. Ukayambira koyamba umakhala ukuliwerenga, dzanja limafooka."

Sabri anawayang'ana. "Zimenezi mukuzidziwira kuti?"

Nkhani imeneyi akuluakulu onse a m'mudzi muno ankaidziwa, koma ana sitinkawauza. Mu 1972 boma litathana ndi amoyo linatembenukira kwa akufa, ndipo linafuna munthu wodziwa miyala. Bambo awo a Raif anakana. Anawatengera kutauni, ndipo anabwerako patatha mwezi khutu limodzi litagontha, manja akunjenjemera. Kenako boma linabwera kwa mwana. Wapolisi anakhala pampanda mfuti ili pamiyendo, akubudula njere za mpendadzuwa, ndipo a Raif anapala mayina mazana awiri ndi khumi ndi anayi m'milungu itatu. Mayina atabwerera mu 1990 anawazokotanso onse, limodzi ndi limodzi, osalandira kanthu. Achinyamata ankayesa kuti mdalayo ndi wopatsa.

A Raif anamuuza zimenezi mwachidule, ngati akunena za nyengo.

"Dzina la agogo anga aakazi ndinapala Lachiwiri, itangotha nkhomaliro. Ndinalipala bwino, sukanadziwa kuti panali kanthu. Amayi akowa sanandilankhule miyezi iwiri. Tangoganiza, amayi akowa, miyezi iwiri duu." Anakhosomola. "Nanenso ndinali ndi chifukwa, mwanawe. Ndinkafuna makutu anga onse awiri. Chifukwa sichisowa. Iwe chako n'chabwino kuposa changa, uli ndi ana atatu, uli ndi mabuku. Menya."

Sabri anagwada, anaika tchizulo pa chilembo chomaliza, n'kupendeketsa monga anauzidwira. Anakweza nyundo. Koma sanamenye. Kenako anaika zonse pansi, anakhala padothi, n'kulira kulira kumene sanalire pa maliro paja, ndevu zonse kunyowa. A Raif anamumvera chisoni kwambiri, ndipo anatola tchizulo n'kumapukuta ndi malaya.

"Sindingathe," anatero Sabri. "Koma ndi Loweruka lomwe sindingalithe. Ndiye nditani ine, Ababa?"

A Raif anayang'ana mwala, anayang'ana mwana. Anaganiza za adzukulu atatu aja akukula bambo awo ali m'minda ya ku Spain. Mtima unawawawa, chifukwa mwalawo unali wabwino kuposa yonse imene anasemapo, ndipo unali utaima masiku awiri okha. Kenako anatenga chitsulo chawo chachitali chotukulira miyala n'kuyamba kuugwedeza m'tsinde.

"Gwira uko. Pang'onopang'ono, ungaphwanye duwa."

Anaugoneka chafufumimba pamwamba pa manda, zolemba zonse kuyang'ana pansi. A Raif anakumba pang'ono kuti ufanane ndi nthaka, anathira dothi m'mbali, anapondaponda. Kumsana kwa mwalawo kunali kosasema, kokhakhala, kosasiyana ndi mwala uliwonse wa m'phiri.

Loweruka nthumwi zinabwera pa magalimoto awiri. Zinaona mzikiti, zinamva ana akuwerenga, zinadya nkhosa. Kumanda mkulu wawo anaima pa mzere wachiwiri n'kufunsa kuti apa ndi pa yani. Sabri anati ndi pa mayi ake. Mkuluyo atamva kuti bambo a shehe ndi wosema ziliza, komabe mkazi wawo amuika pansi pa mwala wopanda ndi chilembo chimodzi chomwe, zinamukhudza mtima. Anaitanitsa a Raif, anawapsompsona pamphumi, analankhula mawu ambiri, ndipo Sabri, maso ali pansi, anamasulira kuti akuti awa ndiwo manda olongosoka kuposa onse amene aona m'mapiri muno. Anajambula zithunzi zambiri, ndipo a Halil anaima kumbuyo kuti nawonso aoneke.

A Raif anati zikomo.

Mzikiti wa kumtunda unapitiriza kuyamwa. Lolemba m'mawa Sabri anafika kushedi atavala malaya ogwirira ntchito, ndipo anapeza bambo ake akusema sitepe ya hotela.

"Ababa, anthu aja apita. Sabweranso msanga, mwina zaka ziwiri, mwina zitatu. Tiyeni tikaudzutse mwala uja. Anyamata a kumzikiti ndithana nawo ndekha."

A Raif anapitiriza kusema mpaka anamaliza mzere, kenako anauzira fumbi.

"Uleke ugone. Maboma sanathe kubwera. Pamene lagona dzinalo palibe angalipeze ndi tchizulo, ngakhale iwe, ngakhale ine."

"Nanga ana angawa adzadziwa bwanji pamene pali agogo awo?"

"Uziwatenga Lachisanu lililonse, uziwaimika pamenepo, uziwauza ndi pakamwa pako kuti pano pagona Nefize. Ine ndinalemba kale. Kwatsala iwe."